Kodi Akutimva? Za Munthu Wokomoka ndi Malire a Kulosera kwa Achipatala

Chikomokere ndi mkhalidwe womwe munthu amakhala chigonere, maso ali chitsinzinire, osadzuka ngakhale wina amuitane dzina, amugwedeze paphewa kapena amutsine. Chimasiyana ndi tulo, pakuti wogona tulo, ngakhale tofa nato, amadzidzimuka akamva kuwawa. Chimasiyananso ndi kukomoka kwa kanthawi komwe kumagwira munthu woima nthawi yaitali padzuwa, yemwe amatsitsimuka akangomugoneka pamthunzi. Pachipatala cha boma la Machinga ku Liwonde ndi pachipatala cha boma la Balaka odwala otere amafika kawirikawiri, ndipo zowagwetsa n'zodziwika: malungo a mu ubongo mwa ana, makamaka ochokera m'madera a madambo monga m'mbali mwa Shire ndi kufupi ndi nyanja za Chilwa ndi Chiuta; kuvulala m'mutu pangozi za pamsewu, zomwe zachuluka chibwerere njinga zamoto za kabaza; sitiroko mwa akuluakulu odwala BP; matenda oumitsa khosi; kutsika kwa shuga m'magazi; kumwa tameki kapena mankhwala a mbewu; ndi mowa woposa muyeso. Gadiyani wokhala pambali pa bedi amakhala ndi mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi akutimva? Lachiwiri ndi lakuti, kodi adzuka? Achipatala amayankha mbali ina ya funso lililonse, koma mbali yotsalayo imagwera m'manja mwa chipembedzo ndi nzeru zoganizira za umunthu.

Madokotala amagawa kuzindikira kwa munthu pawiri. Pali kukhala maso, komwe kumayendetsedwa ndi tsinde la ubongo, kachigawo kolumikiza ubongo ndi fupa la msana, komwenso kamalamulira kupuma. Ndiye pali kudziwa kuti ine ndine uje, ndili pakuti, ndipo amene akulankhulayu ndi mayi anga. Ntchito imeneyi imadalira mbali ya pamwamba ya ubongo ndi mitsempha yoilumikiza. Pachikomokere zonse ziwiri zimaoneka kuti zazima. Koma ziwirizi zimatha kulekana. Wodwala wina, patapita masabata awiri kapena atatu, amatsegula maso, amagona ndi kudzuka, amayasamula, koma osaonetsa kuti akudziwa kanthu. Mu 1972 madokotala Bryan Jennett ndi Fred Plum anafotokoza mkhalidwe umenewu ndi kuupatsa dzina. Mu 2002 akatswiri anavomerezanso mkhalidwe wina wapakati, wa wodwala amene nthawi zina amatsata munthu ndi maso kapena kufinya dzanja akauzidwa, nthawi zina ayi. Kusiyanitsa magulu awiriwa n'kovuta, ndipo abale amene aona maso atseguka amayamba kuthokoza Mulungu pomwe dokotala akadali ndi nkhawa.

Kale dokotala aliyense ankafotokoza wodwala m'mawu akeake, wina n'kulemba kuti ali ndi tulo, wina kuti wakomoka pang'ono, moti namwino wolandira ntchito usiku sankadziwa ngati zinthu zikusintha. Mu 1974 Graham Teasdale ndi Bryan Jennett a ku Glasgow anakonza sikelo yomwe ikugwiritsidwa ntchito mpaka lero, Glasgow Coma Scale. Imayang'ana zinthu zitatu: kutsegula maso, komwe kumapatsidwa mapointi 1 mpaka 4, kulankhula, 1 mpaka 5, ndi kusuntha ziwalo, 1 mpaka 6. Munthu wabwinobwino amapeza 15, ndipo amene sakuyankha chilichonse amapeza 3. Wovulala m'mutu akafika pa 8 kapena kutsika apo amawerengedwa kuti wavulala kwambiri, ndipo pamakhala chiopsezo choti lilime, malovu kapena masanzi zimutseka kukhosi.

Sikelo imeneyi inapangidwira anthu odziwa kulankhula. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka sungamufunse tsiku kapena dzina la mudzi wake. Njira imodzi yothetsera vutoli inapezeka m'Malawi momwe muno. Mu 1987, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza sikelo ya ana odwala malungo a mu ubongo, yomwe dziko lonse likuidziwa ndi dzina loti Blantyre Coma Scale. Kuyeza kwake sikufuna makina. Kilinikala ofesa amauza mayi kuti asunthe nkhope yake pamaso pa mwana. Mwana akaitsata ndi maso amapeza pointi imodzi. Kenako amakanikiza chikhadabo cha mwanayo ndi cholembera, kapena kukhutiza fupa la pachifuwa ndi mfundo za zala. Mwana akatambasula dzanja kukankha chomwe chikumupwetekacho amapeza mapointi 2, akangobweza chiwalo amapeza imodzi, akangoti zii sapeza kanthu. Kulira nakonso kumawerengedwa: kulira kwenikweni ndi 2, kubuula kapena kulira kwachilendo ndi imodzi. Zonse pamodzi ndi 5. Mwana wopeza 2 kapena kucheperapo, yemwe ali ndi tizilombo ta malungo m'magazi ndipo palibe chifukwa china chooneka, amatengedwa kuti ali ndi malungo a mu ubongo. Mayi woonerera amamva kuwawa mumtima poona mwana wake akupwetekedwa dala, ndipo ndi udindo wa woyezayo kumufotokozera chifukwa chake asanayambe.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti masikelo onse awiriwa amayeza yankho. Woyeza amaitana, amakhudza, amapweteka, kenako amalemba zomwe thupi labweza. Kuzindikira kwenikweniko sakuona. Kuti yankho lituluke pamafunika kuti khutu limve, ubongo umvetse, munthuyo afune kuyankha, mitsempha itumize uthenga ndipo minofu igwire ntchito. Pakaduka paliponse mwa malo amenewa, yankho silituluka, ndipo nambala yolembedwa pafayilo imakhala yofanana kwa munthu amene sakudziwa kanthu ndi amene akumva zonse koma akulephera kusuntha. Palinso zinthu zomwe zimatsitsa nambalayo kwa kanthawi chabe. Mwana amene wangotha kumene kuphupha amakhala ngati wakomoka, n'chifukwa chake malamulo amati ayezedwe patapita theka la ola kapena ola lathunthu. Mankhwala oletsa kuphupha monga diazepam ndi phenobarbitone amagonetsa. Shuga akatsika kwambiri mwana amaoneka ngati watsala madzi amodzi, koma akamubaya madzi a shuga mumtsempha ena amatsegula maso m'mphindi zochepa. Mowa umabisa kuvulala kwa m'mutu, ndipo kuvulala kwa m'mutu kumaoneka ngati mowa. Woyeza wosamala salengeza chilichonse asanachotse zonsezi panjira.

Pafunso loti adzuka kapena ayi, zambiri zomwe dziko likudziwa zokhudza malungo a mu ubongo zinaphunziridwa pa ana a ku Malawi. Mu 1989 Molyneux, Taylor ndi anzawo anafalitsa zomwe anapeza pa ana 131 okomoka. Mwa iwo 20 anamwalira, ndipo amene anali pachiopsezo chachikulu anali aang'ono kwambiri, okomoka mozama, otsika shuga ndi ophupha mobwerezabwereza. Ambiri mwa opulumuka amatsitsimuka pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu. Koma kafukufuku wina, wochitika ndi chilolezo cha makolo omwe anavomera kuti matupi a ana awo apimidwe asanaikidwe, anaonetsa mu 2004 kuti mwa ana 31 omwe aliyense ankakhulupirira kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinali m'magazi mwawo ngati mmene timakhalira mwa ana ambiri a m'madera a udzudzu, koma sindito tinawapha. Makolo amenewa anapereka chinthu chachikulu pa nthawi ya chisoni chosaneneka, ndipo ayenera kukumbukiridwa pamodzi ndi madokotalawo. Kuchokera apo madokotala anayamba kudalira kwambiri kuunika mkati mwa diso, njira yomwe dokotala wa maso Susan Lewallen anathandiza kuikhazikitsa ku Blantyre m'zaka za m'ma 1990: malungo enieni a mu ubongo amasiya timadontho ta magazi ndi malo oyererako kumbuyo kwa diso. Makina a MRI atafika ku Blantyre mu 2008, gulu lotsogozedwa ndi Karl Seydel linajambula ubongo wa ana 168. Zotsatira zake zinatuluka mu 2015: ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo unali wotupa kwambiri. Ubongo wotupa umapanikiza tsinde lija, kupuma n'kuima. Komabe mwa ana 143 amene anapulumuka, 39 analinso ndi kutupa koteroko. Chizindikiro chomwecho chinali pa omwalira ndi pa ochira.

Kuvulala m'mutu kuli ndi msampha wake. Wakabaza wagwa pamsewu wa Liwonde kupita ku Balaka, wakomoka mphindi zingapo, wadzuka, akulankhula, mwina n'kukana kupita kuchipatala ati ndi bala chabe. Patapita maola angapo mutu ukumuwawa, akusanza, akuodzera, kenako sakuyankhanso, ndipo kamwana ka diso limodzi katambasuka osachepa ngakhale muunike tochi. Apa ndiye kuti magazi akuunjikana pansi pa chigaza, ndipo opaleshoni ikachitika msanga munthuyo amatha kuchiriratu. Nambala ya 15 yomwe analembedwa pofika inali yoona pa ola limenelo lokha. N'chifukwa chake kuyeza kamodzi sikukwanira. Chofunika ndi kuona komwe nambalayo ikulowera. Zipatala za m'maboma nthawi zambiri zilibe makina ojambula ubongo kapena chipinda cha odwala mwakayakaya chokhala ndi makina opumira, choncho wodwala amatumizidwa ku Zomba Central Hospital, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Liwonde, ndipo ofunika opaleshoni ya m'mutu amapitirira ku Queen Elizabeth. Wochokera ku Nayuchi kapena ku Chikweo amakhala atayenda kale ulendo wautali asanafike n'komwe ku Liwonde. M'wodi momwe namwino mmodzi akuyang'anira odwala ambiri, woyamba kuona kusintha amakhala gadiyani. Mayi akanena kuti dzulo amanditsata ndi maso koma lero ayi, wapereka umboni wofanana ndi womwe sikelo ya Blantyre imafuna, ndipo wogwira ntchito wanzeru amaulemba.

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti wosayankha ndiye kuti sakudziwa kanthu. Mu 2006 Adrian Owen ndi anzake ku Cambridge anaika m'makina ojambula ubongo mayi wa zaka 23 yemwe anakhala miyezi isanu osayankha atagundidwa pamsewu. Anamuuza kuti aganize ngati akusewera tenesi, kenako ngati akuyendayenda m'zipinda za nyumba yake. Ubongo wake unachita zofanana ndi za anthu abwinobwino ouzidwa zomwezo. Mu 2019 Jan Claassen wa ku New York, pogwiritsa ntchito mawaya oika pamutu, anapeza zangati zomwezi mwa odwala 16 pa 104 ongovulala kumene. Mu 2024 kafukufuku wa zipatala zingapo za ku America ndi ku Ulaya anapeza kuti mwa odwala 241 osamvera lamulo lililonse pabedi, 60 ankalimvera mu ubongo. Ku South Africa kunali Martin Pistorius, yemwe anadwala ali ndi zaka 12 mu 1988 n'kusiya kulankhula ndi kusuntha. Nzeru zinamubwerera patapita zaka zingapo popanda wodziwa, ndipo anakhala akumva zonse zokambidwa pambali pake kufikira cha mu 2001, pomwe womusamalira wina anaona kuti maso ake akuyankha. Ngakhale kumudzi zoterezi zimatheka: ululu wa njoka zina umafoola minofu yonse, zikope n'kugwa, mawu n'kutha, munthu ali maso m'kati mwake. Makina a ku Cambridge ku Ntaja kapena ku Ulongwe kulibe, koma phunziro lake silifuna makina. Sizikutanthauza kuti wokomoka aliyense akumva, pakuti ambiri samva ndithu. Zikutanthauza kuti woima pambali pa bedi alibe njira yodziwira kuti uyu ali m'gulu liti, ndipo kukambirana za bokosi, za chuma chosiyidwa kapena za amene wamulodza pamutu pa wodwala ndi nkhanza yomwe ingapewedwe mosavuta.

Pamenepa nkhaniyi imafika pa funso lakale la anthu oganiza mozama. Palibe amene anaonapo maganizo a mnzake. Aliyense amadziwa za m'kati mwake yekha, ndipo za ena amangoziganizira poona nkhope, mawu ndi zochita. Pamoyo wa tsiku ndi tsiku izi sizivutitsa, koma wokomoka amachotsa zizindikiro zonse zomwe anthu amadalira. Ibn Sina, sing'anga ndi katswiri wachisilamu yemwe anamwalira mu 1037, anapempha owerenga ake kuganizira munthu wolengedwa mwadzidzidzi ali lende m'malere, osaona, osamva, osakhudza ngakhale chiwalo chake. Iye anati munthu wotero angadziwebe kuti alipo, ndipo anatengera pamenepo kunena kuti mzimu si thupi. Wina akhoza kukana mathero akewo, koma mfundo yoti kudzidziwa sikudalira kuoneka kunja yatsimikizika m'zipatala patapita zaka pafupifupi chikwi. John Locke wa ku England, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, anaika umunthu pa kudzidziwa ndi kukumbukira, ndipo ena omutsatira masiku ano amati amene wataya zimenezi kwamuyaya thupi lake lilipo koma mwini wake kulibe. Maganizo amenewa ali ndi vuto lalikulu: amamanga ulemu wa munthu pa chinthu chomwe palibe angathe kuchiyeza motsimikiza.

Chikhalidwe cha kuno chimayambira pena. Mwa Ayao, Achewa, Amang'anja, Alomwe ndi Angoni a m'maboma a Machinga ndi Balaka, munthu amadziwika ndi abale ake: ndi mwana wa auje, mlongo wa auje, wa mbumba ya auje. Ubale umenewu suthetsedwa ndi kutseka maso. N'chifukwa chake agadiyani amagona pansi pa bedi masabata, kumusambitsa wodwala, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumuuza amene abwera kudzazonda ndi mmene chimanga chikuchitira kumunda. Augustine Musopole ndi anzake olemba za umunthu anatsindika kuti munthu amakhala munthu pakati pa anzake, ndipo pabedi la wokomoka chiphunzitsochi chimaoneka ndi maso. Chili ndi mphamvu yomwe maganizo a Locke alibe, chifukwa sichidikira umboni kuti chilemekeze. Koma chili ndi ngozi yakenso. Chigamulo chikakhala cha mwini mbumba kapena amalume omwe ali kutali, ambulansi imatha kudikira foni pomwe magazi akuunjikana m'mutu, ndipo zomwe wodwalayo ankafuna ali bwino sizifunsidwa n'komwe.

Zipembedzo zikuluzikulu za m'derali zimagwirizana pa mfundo yoti moyo ndi wa Mulungu ndipo nthawi ya munthu aidziwa ndi Iye yekha. Ku Machinga anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo ku Balaka, komwe Asilamu alinso ambiri, mpingo wa Katolika unazika mizu kudzera mwa ansembe a chipani cha Montfort. Asilamu amanong'oneza shahada m'khutu la amene akutsirizika ndi kumuwerengera Yasini. Akatolika amaitana wansembe kudzapereka sakramenti la kudzoza odwala ngakhale wodwalayo sakuyankha. A CCAP ndi mipingo ina amazungulira bedi ndi pemphero. Miyambo yonseyi imamutenga wokomoka ngati munthu amene akadalipo ndipo angathe kulankhulidwa, zomwe sayansi ya zaka zaposachedwa siikutsutsa.

Povuta ndi pa malire a moyo ndi imfa. Makina opumira atayamba kufala m'zaka za m'ma 1950, panaoneka odwala omwe ubongo wawo wonse unafa koma mtima ukugundabe chifukwa makina akuwapopera mpweya. Christiaan Barnard atasamutsa mtima wa munthu ku Cape Town mu 1967, funsoli linakula, ndipo mu 1968 komiti ya ku Harvard inakhazikitsa zizindikiro za imfa ya ubongo: chikomokere chozama chosayankha chilichonse, maso osayankha kuwala kapena kukhudzidwa, ndi kusapuma konse makina akaimitsidwa. Papa Pius XII anali atanena kale mu 1957 kuti kutsimikiza nthawi ya imfa ndi ntchito ya madokotala, ndiponso kuti banja silikakamizidwa kupitiriza chithandizo cholemetsa chopanda chiyembekezo. Papa John Paul II mu 2000 anavomereza kuti kutha kwa ntchito ya ubongo wonse, kukayezedwa mosamala, n'chizindikiro chodalirika cha imfa, koma mu 2004 anatsindika kuti wotsegula maso wosazindikira uja ndi wamoyo ndipo ayenera chakudya ndi madzi. Akuluakulu a malamulo achisilamu atakumana ku Amman mu 1986 anavomereza imfa ya ubongo ngati imfa yeniyeni. Bungwe lina lokumana ku Makkah mu 1987 linalola kuti makina azimitsidwe, koma linati munthuyo awerengedwe womwalira pokhapokha mtima ukaima. Kusiyanaku kulipobe, ndipo Msilamu wotsata mbali iliyonse sanachoke m'chipembedzo chake.

Ku Liwonde ndi ku Balaka funsoli limabwera m'maonekedwe ena. Mwana wa malungo wasiya kupuma koma mtima ukugunda, ndipo namwino akumupopera mpweya ndi thumba la m'manja. Akasiya, mtima uima m'mphindi zochepa. Akapitiriza, odwala ena m'wodimo alibe wowayang'anira. Apope mpaka liti? Ngati kupuma kwaima chifukwa cha mankhwala oletsa kuphupha, ululu wa njoka kapena tameki, kupopa kwa maola kumapulumutsa moyo. Ngati kwaima chifukwa ubongo wotupa waphwanya tsinde lake, maso onse atambasuka osayankha, kupopa sikubweza kanthu. Kusiyanitsa ziwirizi ndi luso, ndipo kusiya pomwe chiyembekezo chatha si kupha, monga zipembedzo zonse ziwiri zimavomerezera. Kutsimikiza imfa nakonso kumafuna kudekha. Munthu wozizidwa kwambiri kapena womwa mankhwala amatha kupuma pang'onopang'ono mosaoneka, choncho woyeza amamvetsera pamtima ndi kuyang'ana chifuwa kwa mphindi zingapo asanaphimbe nkhope. Kumudzi, komwe imfa amaitsimikiza ndi akuluakulu, makamaka komwe mwambo umafuna kuika maliro tsiku lomwelo, kudekha kumeneku n'kofunika koposa.

Kulosera kwa dokotala kumachokera pa kuwerenga magulu. Akanena kuti mwa ana otere mmodzi pa asanu kapena asanu ndi mmodzi amamwalira, wanena zoona za gulu, koma sanatchule kuti mwana wagona apayu ndi uti mwa iwo. Gadiyani akayankha kuti Mulungu ndiye adziwa, ena amamuona ngati wokana sayansi, chikhalirecho wanena ndendende malire a chiwerengerocho. Pali ngozi ina yomwe akatswiri a ubongo anaizindikira okha: ulosi umatha kudzikwaniritsa wokha. M'maiko olemera, dokotala akagamula msanga kuti palibe chiyembekezo, makina amazimitsidwa, wodwala amamwalira, ndipo imfayo imawerengedwa ngati umboni woti analosera bwino. Pofuna kupewa zimenezi, malamulo a masiku ano amati munthu amene mtima wake unaima n'kutsitsimutsidwa asagamulidwe asanathe maola 72, ndipo asagamulidwe ndi chizindikiro chimodzi chokha. Kuno zimachitika mwa njira ina. Banja likamva mawu oti zavuta, limaganiza za mtengo wonyamula maliro kuchokera ku Zomba kapena ku Blantyre, limakana kutumizidwa, n'kupempha kukamudikirira kunyumba. Wodwala akachoka pa okosijeni ndi pa dripi amamwaliradi, ndipo palibe adzadziwe kuti zikanatha bwanji. Banjalo silinalakwe poganiza za ndalama, pakuti umphawi ndi weniweni. Koma wonena mawu aja ayenera kudziwa kulemera kwake, n'kusiyanitsa momveka pakati pa "wadwala kwambiri, tiyeni tione masiku atatu" ndi "palibenso chomwe chingachitike".

Cholakwa cha mbali inayo n'chowawanso. Kulonjeza kuchira komwe kulibe kumagulitsitsa mbuzi ndi munda, kumayendetsa banja kuchoka kwa mneneri uyu kupita kwa sing'anga uyo, ndipo wodwala akamwalira otsala amauzidwa kuti chikhulupiriro chawo chinachepa, kapena amayamba kuloza chala agogo ena m'mudzi. Wokhulupirira ali ndi ufulu wopempha chozizwitsa, ndipo dokotala alibe chifukwa chomuletsa. Koma pemphero silifuna kuti choonadi chibisidwe. Banja louzidwa zoona mwaulemu limapeza mpata woitana achibale akutali, kukhululukirana, kuitana shehe kapena abusa, ndi kusamalira wodwala wawo mopanda ululu. Imeneyi ndi ntchito ya chisamaliro cha odwala osachiritsika, chomwe ku Queen Elizabeth chimaperekedwa ndi Tiyanjane kwa akuluakulu ndi Umodzi kwa ana, ndipo chafalikira kuzipatala za m'maboma.

Funso loti adzuka limabisa lina lomwe limabwera pambuyo: adzuka ali wotani? Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana 132 opulumuka malungo a mu ubongo ku Blantyre, ndipo mu 2010 anafotokoza kuti 12 mwa iwo anayamba kudwala khunyu, pomwe ena ambiri anatsala ndi zovuta za kuyenda, kulankhula kapena khalidwe. Zina mwa zimenezi sizioneka tsiku lotuluka m'chipatala. Zimadza patapita miyezi, mwana akayamba kugwa, kapena akalowa sukulu n'kumalephera kukhazikika, aphunzitsi n'kumamuyesa wamwano. Wamkulu wovulala m'mutu amatha kuyenda bwinobwino koma wasanduka waukali, woiwalaiwala, wosatha kusunga ntchito, mkazi wake n'kumati si bambo ndinawadziwa aja. M'mabuku a chipatala onsewa amalembedwa kuti anachira. Komanso ambiri amene madokotala angawaike m'gulu la zotsatira zoipa, monga mwana wotsala wopuwala mbali imodzi, amakondedwa kwawo ndipo amasangalala ndi moyo wawo, kotero kuti kunena kuti zatha bwino kapena zatha moipa kumadalira amene wafunsidwa. Ubongo, makamaka wa mwana, umapitiriza kudzikonza kwa miyezi ngakhale zaka, ndipo mafizo, mankhwala a khunyu omwedwa mosadumphitsa ndi mphunzitsi wodziwa mbiri ya mwanayo zimasintha kwambiri mathero ake. Mbali yaikulu ya matherowo imagamulidwanso mwana asanafike pabedi la chipatala: kugona m'neti, kuthamangira kuchipatala tsiku loyamba la kutentha thupi, mankhwala a artesunate omwe analowa m'malo mwa kwinini pa malungo aakulu, chipewa choteteza mutu kwa wakabaza ndi womukwera, ndi katemera wa malungo yemwe anayamba kuperekedwa mu April 2019 m'maboma 11, kuphatikizapo Machinga ndi Balaka.